Phunziro la Afulani kwa Otsiriza Sukulu

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi alipo anyamata ndi asungwana amene, atangotsiriza sukulu, ayesa Cinyanja ndi cinenero ca abusa a ng'ombe. Ngakhale pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, pamene Acewa a ku Zambia, Malaŵi ndi Mozambique asonkhana mwezi wa August kudzalambira Kalonga Gawa Undi, iwowa apatsana moni m'Cingelezi, ngati kuti mau a amai ao ndi nsanza. Otere ayenera kumva za Afulani.

Afulani, amene adzicha okha Fulbe, ndiwo mtundu wa oŵeta ng'ombe wobalalika kuyambira ku Senegal kufikira ku Sudan, ndipo cinenero cao cichedwa Fulfulde kapena Pulaar. M'caka ca 1804 Usman dan Fodio anautsa nkhondo, nagonjetsa midzi yaikulu ya Ahausa m'dziko limene lero ndi Nigeria. Koma zidzukulu zambiri za ogonjetsawo tsopano zilankhula Cihausa cokha, ndipo osunga cinenero ndiwo abusa a kuthengo, amene anthu a m'tauni aŵayesa mbuli. Zomwezi zinaoneka kuno. Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 ali ndi mikondo ndi zishango, koma anthu a Mpezeni lero alankhula Cinsenga, Cingoni cinangotsalira m'nyimbo. Mitundu iŵiriyi inapambana adani, koma mau a makolo anafera m'nyumba za eni ace.

Ena adzati Cingelezi ndico cipatsa nchito. Zoonadi, ndipo palibe woŵaletsa kuciphunzira. Koma kodi wogula khasu latsopano atentha nkhokwe? M'caka ca 1989 ana aŵiri a pacibale a ku Guinea, Ibrahima ndi Abdoulaye Barry, poona kuti zilembo za Ciarabu sizigwira bwino mau a Cifulani, anapanga zao 28 zochedwa Adlam. Lero zilembozo zipezeka m'mafoni ndi m'makompyuta.

Wophunzira wa ku Mkaika sasoŵa zilembo, pakuti Samuel Nthara anatulutsa buku la Nthondo kale m'caka ca 1933. Cimsoŵa ndi mtima. Alembere makolo ace kalata m'Cinyanja coyera. Akhale pansi ndi nkhalamba nalembe miyambi ndi mbiri ya mafumu zisanaloŵe nazo m'manda. Akapanda kutero, adzukulu ace adzapita ku Kulamba ndi womasulira.