ZA PA MSEU: Mafuta a Papepala ndi Mafuta a pa Miseu ya ku Lundazi

Nyengo ya malonda ikafika m'boma la Lundazi, pamene thonje, nshawa, soya ndi cimanga zagulitsidwa, mabanja ena amasonkha ndalama nagula galimoto yogwiritsidwapo kale nchito yocokera ku Japan. Colinga cao cimakhala cakuti galimotoyo izinyamula anthu ndi katundu pakati pa Lundazi ndi Chipata, kapena kupita kumalire a Lusuntha, kuti banja lizipeza ndalama ngakhale m'miyezi imene nkhokwe zapepuka. Wogulitsa amaonetsa pepala lonena kuti galimotoyo iyenda makilomita 20 kapena kuposapo pa lita imodzi ya petulo. Wogula amawerengera phindu lace pa nambala imeneyo, koma pakutha mwezi apeza kuti mafuta adya ndalama zimene anayembekeza kulipirira ana kusukulu. Ena amaganiza kuti injini yaonongeka, ena amanamizira mphwao woyendetsa kuti akuba mafuta, ndipo pacibale pamabuka mkangano. Kawirikawiri bvuto limakhala pa nambala ija.

Nambala yolembedwa papepala sipezeka poyenda pa mseu weniweni ai. Galimoto yatsopano imaikidwa m'nyumba yoyesera, matayala ace ali pa zitsulo zobulungira zimene zimazungulira, kotero kuti injini imagwira nchito koma galimotoyo sicoka pamalo pace. Woyesa amatsata liwiro lolembedwa kale, ndipo makina amayeza utsi kuti adziwe mafuta amene apsa. M'nyumbamo mulibe mcenga, matope, maenje kapena citunda, ndipo cipangizo coziziritsa mpweya m'galimoto cimakhala cozima.

Dziko la Japan lakhala ndi njira zingapo zoyesera. Njira yochedwa 10-15, imene inayamba caka ca 1991, inali ya mtunda wopitirira pang'ono makilomita 4, ndipo liwiro lace lalikulu linali makilomita 70 pa ola. Pambuyo pace panabwera njira ya JC08, ya makilomita 8 okha, yotenga mphindi 20. Mu 2018 anayamba njira ina yochedwa WLTC, imene ili ndi liwiro lokwererako ndipo imayandikira pang'ono kayendedwe ka tsiku ndi tsiku. Kusintha kwa njira kumasintha nambala ngakhale galimoto ili yomweyo. Toyota Prius ya caka ca 2009 inalembedwa makilomita 38 pa lita mwa njira ya 10-15, koma mwa njira ya JC08 inalembedwa makilomita 32.6. Magalimoto ambiri amene afika kuno ndi a zaka zam'mbuyo, motero manambala ao ndi a njira zakalezo.

Nkhani imeneyi siili ya alimi a ku Lundazi okha. Kabungwe kochedwa International Council on Clean Transportation kanafufuza magalimoto a ku Ulaya, ndipo kanapeza kuti m'caka ca 2001 mafuta opsa pa mseu anaposa a papepala ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, koma pofika 2016 kusiyanako kunali kutakwera kufika magawo 42 pa 100. Makampani anali ataphunzira kukonzekeretsa magalimoto ao kuti apambane mayeso, monga mwana wasukulu amene aloweza mayankho osamvetsa phunziro. Ici ndico cina cimene cinacititsa maiko a ku Ulaya kuyamba njira yatsopano yoyesera mu 2017.

Nthawi zina panalinso cinyengo ceniceni. Mwezi wa April 2016 kampani ya Mitsubishi Motors inabvomera kuti inapotoza manambala a mafuta a magalimoto ang'onoang'ono okwana 625,000, ena mwa iwo opangira kampani ya Nissan. Ku America, makampani a Hyundai ndi Kia analipitsidwa cindapusa ca madola 100 miliyoni mu 2014 cifukwa conena kuti magalimoto ao amadya mafuta ocepa kuposa momwe zinalili. Akuluakulu ananena zoona kuti cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere.

Ngati kusiyana kuli kotere m'maiko a miseu yosalala, pa miseu ya kuno kungakule koposa. Miseu yambiri yolowa m'midzi ndi ya fumbi, ndipo woyendetsa amakakamizika kukhala m'magiya apansi, m'mene injini imathamanga kwambiri pamene galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Wocokera kucigwa ca Luangwa, kwa Kazembe kapena kwa Chitungulu, ali ndi zitunda zoti akwere. Nthawi ya dzinja matayala amazungulira pacabe m'matope. Galimoto imene inayesedwa yopepuka imasenzetsedwa anthu odzaza, matumba a feteleza kumbuyo ndi njinga pamwamba. Fumbi limatseka sefa ya mpweya, matayala amayenda osapopa bwino, ndipo pa siteshoni injini imalira nthawi yaitali podikira okwera, mafuta akupsa popanda kilomita ndi imodzi yomwe. Pamwamba pa zonsezi, galimotoyo yakalamba kale isanafike kwa mwini wace watsopano.

Citsanzo ca masamu cingaonetse kukula kwa nkhaniyi. Kucokera ku Lundazi kufika ku Chipata pali mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndiye kuti 360 kupita ndi kubwera. Galimoto ikamayendadi makilomita 20 pa lita, ulendowo ufuna malita 18. Koma ikakhala kuti pa mseu iyenda makilomita 14 okha pa lita, ulendo womwewo ufuna malita pafupifupi 26. Malita 8 oonjezerawo, pa maulendo 20 m'mwezi, akwana malita 160. Munthu amene anaika mtengo wa okwera powerengera malita 18 adzakhala akugwirira nchito ogulitsa mafuta, ndipo ngati galimotoyo anaigula ndi ngongole, angathe kutaya galimoto ndi ng'ombe zomwe. Cotere cinanka cikulemera pamene Boma linacotsa thandizo lace pa mtengo wa mafuta mu December 2021.

Pali njira yapafupi yodziwira coonadi, ndipo ifuna kope ndi pensulo basi. Mwini galimoto adzazitse thanki mpaka mpope utadziimitsa wokha, ndi kulemba nambala ya makilomita imene ili pa wochi ya galimoto. Ayende monga mwa masiku onse, ndi katundu wa masiku onse. Pobwerera kukathira mafuta adzazitsenso thanki, alembe malita amene alowa ndi nambala yatsopano ya makilomita. Akacotsa nambala yakale pa yatsopano, nagawa yankho ndi malita aja, apeza makilomita enieni a pa lita imodzi. Acite tere katatu kapena kanai, cilimwe ndi dzinja, popeza muyeso umodzi unganame. Nambala imeneyi ndiyo yoyenera kuwerengera mtengo wa okwera ndi wa matumba. Ndiyonso idzamcenjeza, pakuti tsiku limene idzatsika mwadzidzidzi adzadziwa kuti galimoto ifunika kuonedwa ndi makanika, asanayambe kuloza cala m'bale wace.

Mafuta angacepetsedwenso mwa kupopa matayala pa muyeso wolembedwa ndi opanga galimoto, kuyeretsa kapena kusintha sefa ya mpweya, kusintha oilo pa nthawi yace, kuzima injini podikira okwera, ndi kupewa liwiro lopitirira muyeso pa mseu wa tara, pakuti mphepo imakaniza kwambiri galimoto yothamanga.

Nambala ya papepala ili nayo nchito yace. Imathandiza kufanizira magalimoto awiri amene anayesedwa mwa njira imodzi, kuti wogula adziwe imene idya mafuta ocepa kuposa inzace. Koma banja limene lifuna kuika ndalama za zokolola zace pa galimoto liyambe lafunsa oyendetsa amene ali ndi mtundu womwewo pa mseu womwewo, kuti amathira malita angati kupita ku Chipata ndi kubwerako. Safunsa anadya phula.