Kachipangizo Koonera Nsomba Sikaswa Nsomba

Lero ndilankhula za kachipangizo aka kabwera kutchuka, koonera nsomba pansi pa madzi, komwe ena mwa inu mukulimbikitsa kuti mabanja asonkhe ndalama kamangidwe pa maboti. Ine ndikuti ayi, ndipo zifukwa zanga ndi izi.

Choyamba tikadziwe. Kali pawiri. Kwina ndi kagalasi ngati foni, kokhala m'boti. Kwina ndi kamutu komangirira kumbuyo kwa boti, kunsi kwa madzi, kotalikirako ndi injini chifukwa thovu limakasokoneza. Kamutuko kamaponya phokoso pansi, phokosolo likagunda nsomba limabwerera, galasi n'kuonetsa kuti gulu lili apa, kuya kwake chonchi. Kamadya batire. Ntchito kamagwira ndithu, sindikutsutsa. Koma kamangoloza nsomba zomwe zilipo kale. Sikawonjezera ngakhale usipa umodzi m'nyanja.

Kodi vuto lathu ndi kusaona nsomba? Siginala wodziwa ntchito amadziwa kale pomwe usipa wagona. Kale ankayatsa nyali za palafini, lero ndi mababu a batire owala nyanja yonse ngati tauni. Maboti achuluka, mainjini achuluka, zilimira zachuluka. Nanga bwanji pa msika wa Golomoti ndi Mtakataka kamulu ka bonya kakunka kachepa, mtengo ukukwera? Maso tili nawo ambiri kale. Chikuchepa ndi nsomba.

Funsani akuluakulu za ntchila. Inali yambirimbiri, lero mwana wa Sitandade 8 sangaizindikire. Funsani a ku Malombe za chambo chawo, chinapita kuti pofika m'ma 1990? Kunalibe galasi loonera nsomba kumeneko, makoka a maso ang'onoang'ono okha anakwanitsa kupulula. Ndiye titenge nyanja yodwala kale tiipatsenso mlenje woona mumdima?

Ife alimi timadziwa kuti mbewu sadya. Chambo chimasunga ana ake m'kamwa. Ukachigwira nthawi yoswa wapha ndi ana omwe. N'chifukwa chake boma limatseka nyanja kuyambira 1 November. Koma tonse timaona zomwe zimachitika usiku, ndipo maneti a udzudzu omwe azimayi amalandira ku sikelo timawapeza akukokolola tiana ta nsomba m'mabango. Tisanamizane, ogula ndi ife tomwe.

Ena mukuti, "Achimwene, mafuta akwera, kachipangizoka kachepetsa kuyendayenda." Zoona, kwa boti loyamba. Mawa mnzako agulanso, mkuja onse ali nako, phindu lija latha, nsomba zatha msanga, ngongole yatsala. Nanga wa bwato wopalasa ndi nkhafi adya chiyani? Ndiye amene amatigulitsa ndiwo ife osauka, kapena kusinthanitsa ndi chimanga.

Taonani pa chilumba cha Mbenji ku Salima, kwa Mfumu Makanjira. Kuyambira m'ma 1950 amatseka usodzi mwezi wa December n'kutsegula mu April, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Asodzi amachokera kutali kukapha utaka kumeneko. Chawasungira nsomba ndi mwambo ndi mfumu yosaopa munthu, osati makina.

Tsono inu a m'tauni, ngati ndalama ilipodi ndipo mukufuna kuthandiza kwanu, gulirani m'bale wanu ukonde wa maso ovomerezeka awotche wa udzudzuwo. Thandizani komiti ya pa doko ndi mafuta oyendera nthawi yotseka. Kapena muthandizeni kulima mpunga ku sikimu ya Bwanje, kuti miyezi yotseka asamazembere kunyanja chifukwa cha njala. Mafumu athu nawo akhale pansi ndi asodzi, nkhani ya tizipangizoti ikambidwe tisanadzaze doko.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Wotsutsa abwere ndi mfundo, koma ayambe wandiuza komwe ntchila inapita.