Pamene Bala la Mumtima Lioneka Ngati Khalidwe

Abale ndi alongo amene muli kunja kwa dziko lathu, lero tikambirane za mawu amene amatuluka msanga pakamwa pathu tikamaweruza munthu, akuti: "Ndi khalidwe lake ameneyo." Timatero ponena za bambo amene amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, za mayi amene safika paukwati kapena pamsonkhano ngakhale aitanidwe kangati, ndiponso za mnyamata amene sakhulupirira aliyense, ngakhale mbale wake wa bere limodzi. Tikatero timayesa nkhani yatha, poti timakhulupirira kuti khalidwe munthu amabadwa nalo ndipo adzafa nalo. Komatu akatswiri a matenda a maganizo aonetsa kuti ena mwa makhalidwe otere amayamba munthu atakumana ndi zoopsa, ndipo thandizo lake lilipo.

Kuweruza kolakwa kumeneku kudapha anthu kale. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, asilikali ambiri ankanjenjemera, kusowa tulo ndi kulephera kulankhula atakhala nthawi yaitali pakati pa mabomba. Akuluakulu ena a nkhondo ankati amenewo ndi mantha chabe. Boma la Britain lidawombera asilikali ake 306 pa milandu monga kuthawa nkhondo ndi mantha, ndipo ambiri amakhulupirira kuti ena mwa iwo anali odwala. Chikhululuko chawo chidabwera mu 2006, onse atagona m'manda zaka pafupifupi 90. Dzina la matendawa, limene madokotala amalifupikitsa kuti PTSD, lidalowa m'buku la bungwe la madokotala a maganizo la ku America mu 1980, makamaka chifukwa cha zimene zidaoneka pa asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse amakumana ndi chinthu choopsa kwambiri pa moyo wawo, koma amene amadwala PTSD ndi ochepa mwa iwo. Matendawa ali ndi zizindikiro zitatu. Choyamba, choopsacho chimabwerera m'maloto kapena masana, ngati chikuchitika pompano. Chachiwiri, munthu amapewa malo, anthu ndi nkhani zimene zimamukumbutsa. Chachitatu, amakhala tcheru nthawi zonse, kudzidzimuka ndi kugogoda kwa chitseko, ngati ngozi ili pakhomo. Munthu woonera patali amangoona wodzipatula, wokayikira anzake, wamtima wapachala.

Mu 1992, dokotala wa ku Harvard, Judith Herman, adalemba buku lotchedwa Trauma and Recovery, momwe adafotokoza kuti pali kusiyana pakati pa munthu amene waona ngozi imodzi ndi amene wazunzidwa zaka zambiri pamalo pamene sakadatha kuthawa: mwana woleredwa ndi nkhanza, mkazi womenyedwa m'banja, wandende wozunzidwa, munthu wogwiritsidwa ntchito ngati kapolo. Iye adatcha mtundu umenewu complex PTSD, ndipo WHO idauika pa mndandanda wake wa matenda umene udayamba kugwira ntchito mu 2022. Pamwamba pa zizindikiro zitatu zija pamaonjezeka zina zitatu. Munthu amalephera kuugwira mtima, kotero kuti mwina umaphulika, mwina umazizira osamva chilichonse. Amadziona wachabechabe, wodzala manyazi ndi kudziimba mlandu. Amavutikanso kukhala pa ubwenzi wakuya ndi anthu ena. Zitatu zimenezi ndi zomwe ife timazitcha khalidwe, ndipo ngakhale mndandanda wakale wa WHO unkatcha vutoli kusintha kwa khalidwe kokhalitsa kobwera munthu atapulumuka tsoka lalikulu.

Kodi ndiye kuti chibadwa cha munthu chilibe gawo? Gawo chili nalo. Akatswiri amayeza makhalidwe akuluakulu asanu, ndipo limene limapezeka kawirikawiri mwa odwala PTSD ndi lija la mtima wosachedwa kutekeseka, kuda nkhawa ndi kukhumudwa, limene pa Chingerezi amati neuroticism. Munthu wa mtima wotere zoopsa zimamukhudza msanga. Koma tisathamangire kunena kuti odwala PTSD ndi anthu ofooka. Kafukufuku wambiri amayeza anthu atadwala kale, choncho nkovuta kusiyanitsa chimene adabadwa nacho ndi chimene tsoka lidawasiyira. Komanso zimene zimalemera kwambiri ndi kukula kwa choopsacho, kubwerezabwereza kwake, msinkhu umene chidamupeza munthu, ndi kusowa womuchirikiza chitangochitika. Chomalizachi chikutikhudza ife amene tili pafupi naye.

Nthawi zina madokotala omwe amasokoneza complex PTSD ndi vuto lina la khalidwe lotchedwa borderline, poti zizindikiro zina zimafanana. Kusiyana kwake nkwakuti wa borderline amadziona mosinthasintha ndipo amaopa kwambiri kusiyidwa yekha, pamene wa complex PTSD amadziona wachabe tsiku ndi tsiku ndipo amakonda kudzitalikitsa kwa anthu. Ngati ophunzira amavutika kusiyanitsa, nanga ife tingagamule bwanji mlandu wa munthu pa mphasa ya maliro?

Nkhaniyi ili pakati pathu. Alipo amene adathawa nkhondo ya ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992 ali ana, nakulira m'misasa ya ku Malawi. Alipo amene adabisala m'mapolisi ndi m'matchalitchi mu May 2008, pamene anthu 62 adaphedwa ku South Africa pa ziwawa zolimbana ndi alendo, ndi ena amene adaonanso zomwezo ku Durban mu 2015. Alipo amene abale awo adakwiririka ndi matope a namondwe Freddy ku Blantyre mu March 2023. Ndipo ambiri adanyamula m'chikwama chinsinsi cha nkhanza za pakhomo zimene sadauzepo munthu. Kunja kuno mudzi kulibe, azakhali ali kutali, ntchito ndi ya usiku, ndipo wina amaopa kupita kuchipatala chifukwa cha mapepala. Bala lotere limakula mwakachetechete.

Tinene mosabisa kuti kudwala sikupatsa munthu ufulu wozunza ena. Bambo amene amamenya mkazi wake ayenera kuyankha mlandu, ngakhale iye adamenyedwa ali mwana, ndipo mayi ndi ana ayenera kutetezedwa choyamba. Kumvetsa gwero la mkwiyo kumathandiza kupeza mankhwala ake, mwana wa lero asadzanyamule katundu wa makolo ake.

Thandizo lodalirika kwambiri ndi uphungu wolunjika pa choopsacho, momwe wodwala amathandizidwa pang'onopang'ono kukumbukira popanda kumira m'mantha. Njira ina ndi yotchedwa EMDR, imene adaiyambitsa Francine Shapiro chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ku Britain zonse ziwiri ndi zovomerezeka m'zipatala za NHS, ndipo munthu angayambire kwa dokotala wake wa m'dera. Wa complex PTSD amafuna nthawi yotalikirapo, poti ayenera kuyamba waphunzira kukhulupirira mphungu wakeyo. Pemphero ndi mpingo zimalimbikitsa ambiri, ndipo m'busa wanzeru amapemphera ndi munthu namuperekezanso kuchipatala.

Gawo lathu ndi lochepa koma lofunika. Tisakakamize munthu kufotokoza zimene adaona. Tisamutchule wamisala kapena wolodzedwa. Akakana kubwera kumsonkhano, timuitanenso mwezi wamawa popanda kumudzudzula. Tikamulonjeza kanthu tisunge lonjezo, pakuti amene adaperekedwa ndi anthu owakhulupirira amayeza mawu athu ndi zochita. Ndipo wina akatchula zodzipha, tisachedwe kufuna thandizo la chipatala tsiku lomwelo.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tisanagamule kuti mbale wathu ndi woipa mtima, tiyambe tadzifunsa kuti adaona zotani pa ulendo wake, ndipo ndani adakhala naye pamene ankaziona.