Tisathawe Nyimbo za Allan Namoko

Achinyamata okondedwa, ena mwa inu kuno ku Kanjedza mumati nyimbo za malemu Allan Namoko nzachisoni mopyola muyeso, nzoyenera agogo. Ife tikuti chisoni chomwecho ndicho chifukwa chozimverera.

Namoko anali mwana wa ku Thyolo, wosaona, ndipo anamwalira m'chaka cha 1995. Ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Zina mwa zida zake zinali banjo ndi ng'oma, popanda gitala ya magetsi. Anatchuka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene dziko lonse linkamvera wailesi imodzi ya MBC, ija ili pafupi nafe pa Chichiri. Masiku amenewo nyimbo zotamanda atsogoleri zinali mbwee, koma mawu okandapala a bambo ameneyu ankadandaula za mavuto a munthu wamba.

Taganizirani dzina la chimbale chake chimene chinatuluka kunja kwa dziko lino mu 1992: Ana Osiidwa. Edzi inali itapezeka m'Malawi mu 1985, ndipo pofika nthawiyi makomo ambiri ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa anali kulera ana a abale awo omwalira. Pa maliro anthu ankangonong'ona kuti malemu anadwala nthawi yaitali. Kaya woimbayo ankaganiza za masiye a mtundu wanji, amene ankamva dzina limenelo ankaona ana ogona pa mphasa m'nyumba mwawo momwe. Ena mwa ana amenewo ndi makolo anu lero, ndipo ambiri sanakuuzenipo mmene anakulira.

Tikudziwa chimene mungatiyankhe: moyo ngwovuta kale, nanga nyimbo ionjezerenjinso katundu? Pali choona pamenepo, ndipo ifenso pa ukwati sitingapemphe nyimbo ya masiye. Komatu wolira amene wazunguliridwa ndi nyimbo zovina zokhazokha amayamba kuyesa kuti misozi yake ndi chamanyazi, n'kumalirira kuchipinda yekha. Namoko anatulutsa kulirako pabwalo, pa wailesi ya dziko lonse, mpaka osauka anamva kuti nkhani yawo ikutchulidwa. Chodabwitsa n'chakuti banjo yake imathamanga mokoma, moti anthu ankavina mawuwo akuwabaya mumtima.

Sabata ino funani Lameki kapena Achilekwa pa foni yanu, muike pamene mayi kapena agogo anu ali pafupi, ndipo muwafunse kuti nyimboyo anayamba kuimvera kuti, ali ndi yani.