Galu wokulira m'khola amaluma chifukwa cha mantha

M'matauni mwathu anthu ambiri amakhulupirira kuti galu wolondera pakhomo azikulira m'kakhola, osaona alendo ngakhale agalu anzake, kuti akamamasulidwa usiku azilusa. Kaleredwe kameneka kakutipweteka tokha. Galu wokula choncho amaluma chifukwa cha mantha, ndipo wamantha sasiyanitsa mbala ndi mwana wa apafupi amene walowa pageti kudzatola mpira. Kagalu kamafunika kusewera ndi anzake kadakali kakang'ono, munthu wamkulu ali pomwepo kuyang'anira.

Umboni wake ndi wakale. Mu 1961 akatswiri atatu a ku America, Freedman, King ndi Elliot, adafalitsa zomwe adapeza atalera tiagalu m'mipanda ikuluikulu kutali ndi anthu. Timene tidagwiridwa ndi munthu pa masabata asanu kapena asanu ndi awiri tidazolowera bwino, koma timene tidafika masabata 14 tisanakhudzidwe tidakhalabe tamantha ngakhale adayesetsa kutiweta. John Paul Scott ndi John Fuller, amene adafufuza agalu zaka zambiri ku Bar Harbor, adasonyeza m'buku lawo la 1965 kuti nthawi yophunzira kukhala ndi ena imayamba pa masabata atatu n'kumatha cha pa masabata 12. M'mera mpoyamba, ndipo kwa galu poyambapo mpafupi zedi. Chomvetsa chisoni n'chakuti imeneyi ndi nthawi yomwe ambiri timagula kagalu pamsewu n'kukakatsekera.

Tiagalu tikamasewera timaphunzira zimene mwini wake sangatiphunzitse. Kena kamagwada ndi miyendo yakutsogolo, msana uli m'mwamba, kuuza kanzake kuti zonse zikubwerazi ndi masewera. Kakaluma khutu mopitiriza, kanzake kamalira n'kuchokapo, masewera n'kuthera pomwepo, ndipo kolumako kamazindikira kuti mano ali ndi malire ake. Koma wina adzati agalu akumudzi amaphunzira zimenezi okha akamayendayenda, nanga woyang'anira ngwachiyani? N'zoona kuti galu wakumudzi nthawi zambiri amakhala wofatsa kuposa wa m'khola. Komabe m'gulu losayang'aniridwa, wamphamvu amaphunzira kupondereza ndipo wofooka amaphunzira kuti galu aliyense ndi mdani. Woyang'anira amaona ngati akusinthana, wothamangitsa n'kukhala wothamangitsidwa. Akaona kena kapinda mchira, kakubisala pansi pa benchi, amagwira kankhanzako kwa kanthawi, ndipo ngati kobisalako sikabwerera kokha kudzasewera, ndiye kuti awo sanali masewera.

Nkhawa yokhayo yomwe ndimaiona kuti ndi yaikulu ndi ya matenda. Parvo amapha tiagalu tambiri ndi kusanza ndi kutsekula m'mimba kwa magazi, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Ngakhale zili choncho, bungwe la madokotala oona za khalidwe la ziweto ku America, American Veterinary Society of Animal Behavior, limalangiza kuti kagalu kayambe kukumana ndi anzake pa masabata 7 kapena 8, patapita masiku asanu ndi awiri chilandirire katemera woyamba komanso katamwa mankhwala a njoka zam'mimba. Kwathu kuno, kumene agalu osabayitsa ndi ambiri, malo ake akhale khonde lasimenti lotsukidwa bwino, agalu ake atatu kapena anayi odziwika kuti adabayitsa, a msinkhu wofanana. Kumsika ndi kudzala ayi.

Enanso amaopa kuti galu wozolowera anthu sangalondere. Galu amauwa mlendo wausiku chifukwa amateteza pamalo pake, ndipo kusewera sikuchotsa chibadwa chimenecho. Chimene kumachotsa ndi khalidwe loluma dzanja lililonse, lomwe limatiika pachiswe pa nkhani ya chiwewe. Bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo kuti matendawa asiye kufala pamafunika kubaya agalu 70 mwa 100 aliwonse. Galu amene ngakhale mwini wake amamuopa savala chingwe, safika pamzere wa katemera, ndipo akaluma mwana, banja limayamba kuthamangira jakisoni kuchipatala.

Ntchitoyi isalekezedwe galu akasinkhuka. Kafukufuku wa Lucy Asher ndi anzake wa mu 2020 ku Britain adapeza kuti agalu a miyezi isanu ndi itatu samvera owasamala ngati mmene amachitira pa miyezi isanu, kenako khalidwelo limadzatha. Apa mpamene ambiri amagwa mphwayi n'kumumanga galu pa unyolo moyo wake wonse. Pa msinkhu umenewu gulu lichepe, masewera afupike, ndipo pakhale galu wamkulu wofatsa amene amadziwa kudzudzula wachibwana popanda kumuvulaza. Alangizi a ziweto akamabaya katemera woyamba aziwafotokozera eni agalu zimenezi pomwepo, masabata 12 aja asanathe.