Pakhonde la Mphunzitsi: Wanunso Muwerengeni

Mwana wanga wamkazi, ali ndi khanda la miyezi inayi, adayamba kulera ana a amayi opita kuntchito, namalandira kangachepe pakutha pa mwezi. Adavomera ana asanu, ndipo ine ndidakondwera, poiwala kuti manja ndi awiri okha. Kusikelo anamwino adapeza kuti mdzukulu wanga sakukwera. Khanda loyenera kuyamwa bere lokha miyezi 6 linkadikira kufikira ana a eni ake atatha phala.

Tsono inu amayi oyamba ntchitoyi, powerenga ana, wanunso muwerengeni. Panganiranitu ndi makolo za malipiro, ola lodzatengera mwana, ndi yemwe adzathamange naye kuchipatala akatentha thupi. Mwana wangayo adabweza atatu, mwamanyazi ndithu, koma mwezi wotsatira sikelo idakwera.