Administrator si mwini nyumba

Abale anga a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi kuno ku Zimbabwe, ndikulemba ndili ku Waverley, mu mzinda wa Kadoma. Pali liwu limodzi limene tikulimasulira molakwika, ndipo kulakwitsako kwatitayitsa chinthu chosagulika.

Kwathu kuli laputopu imodzi ya banja lonse. Kwa zaka zitatu tonse tinkalowa pa akaunti ya administrator, poti bambo ankati imeneyo ndiyo ya mwini nyumba. Pa Khirisimasi kunabwera msuweni wanga wa ku Chegutu, naikamo masewera a pa fulashi ya mnzake. Windows itafunsa ngati akulola kuti pulogalamuyo isinthe zinthu, iye anangovomera. M'masewerawo munali vayirasi, ndipo wokonza makompyuta anachita kufufuta zonse.

Zinapita zithunzi za zikalata za amayi, zimene tinasonkhanitsa pofuna chitupa chatsopano malamulo aakulu a dziko lino a 2013 atapereka unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Zimenezo tinajambulanso. Koma anapitanso mawu a agogo anga aamuna, amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito pa mgodi wa Cam and Motor, akusimba nthano m'Chichewa chakale. Agogowo anatisiya. Mlandu wosasunga mawuwo pena ndi wanga, ndikuvomera. Wina ndi wa liwu lija.

Tikamati administrator ndi "mwini" kapena "wamkulu", timasandutsa ntchito kukhala ulemu. Ndi bambo uti angalole kutsika pa mpando wa mwini n'kukhala munthu wamba m'nyumba mwake? Liwu loyenera ndi "woyang'anira", pakuti limatchula ntchito, osati msinkhu. Kapitao amatenga makiyi akafuna kutsegula mosungira katundu, akatha n'kuwabweza pamalo pake. Sapita nawo kumowa.

Choncho akaunti ya woyang'anira ikhale ndi mawu achinsinsi odziwika kwa akuluakulu awiri okha, ndipo izitsegulidwa poika kapena pochotsa mapulogalamu basi. Aliyense, bambo omwe, akhale ndi akaunti yakeyake yawamba ya tsiku ndi tsiku. Kuyambira pa Windows Vista, kompyuta imafunsa chilolezo pulogalamu isanasinthe zinthu zazikulu. Pa akaunti ya woyang'anira kudina kamodzi n'kokwanira, pamene pa yawamba imafuna mawu achinsinsi aja. Mwana amakakamizika kuitana wamkulu, ndipo chikalakwika chinthu, nthawi zambiri chimathera pa akaunti yake osakhudza mafayilo a ena.

Nanga mlendo? Windows 10 itatuluka mu 2015, akaunti yapadera ya alendo inaleka kugwira ntchito monga kale. Pangani ina yawamba, muitche "Alendo". Pa makompyuta a Apple ilipobe, ndipo imafufuta zonse mlendo akangotuluka. Mlendo ndi mame, akaunti yakenso iteronso.

Ena mudzati uku n'kumana, si khalidwe lathu. Koma taganizani mmene timalandirira mlendo. Timamupatsa madzi osamba, mphasa ndi nsima, mwinanso kumuphera nkhuku, komabe kuchipinda kwa makolo salowako, ndipo palibe amene amadandaula. Malirewo amateteza mlendo yemwe, kuti kanthu kakasowa asamuloze chala. Msuweni wanga sanapondenso pakhomo pathu chifukwa cha manyazi, chonsecho wolakwa ndi ife amene tinamusiyira makiyi onse.

Ine ndikupereka mawu atatu: woyang'anira, wogwiritsa ntchito, mlendo. Lachiwirilo ndi lalitali, silikundikhutiritsa. Inu a ku Chipata, Tete ndi Lichinga, ngati muli ndi lina lalifupi, tithandizeni. Chachikulu n'chakuti tisasankhe liwu limene lingachititse bambo manyazi kukhala pa akaunti yawamba.